Nyali ya Pakhonde la Amai Daka

Anthu ena, abale inu, akangophunzira kulumikiza mawaya awiri amayamba kuyesa wina aliyense chitsiru, ngakhale mai amene anawabala. Webster Daka anali wotero. Anali ndi shopu ya zamagetsi ku Petauke, yogulitsa mababu, mabatire ndi masola, ndipo ntchito yake ankaidziwadi, pamenepo tisamunamizire. Vuto lake linali makutu. Munthu ukangotsegula pakamwa, iye anali atayankha kale.

Amai ake, a Anastazia Daka, ankakhala okha ku Ndake, m'boma la Nyimba, m'nyumba ya njerwa zootcha imene malemu amuna awo anamanga Webster asanayambe n'kukwawa komwe. Nyumbayo inakalamba pamodzi ndi mwini wake. Malata anali atachita dzimbiri, simenti ya pakhonde itang'aluka, koma tsache linkadutsamo kawiri pa tsiku. Pamtanda wa khonde pankalendewera kababu kamodzi kofiirira, kotenga moto ku batire la sola, ndipo swichi yake inali mkati, pambali pa chitseko. Dzuwa likalowa amai Daka ankayatsa. Kukacha ankazimitsa. Palibe tsiku ankalumphitsa.

Chimene ana awo sankadziwa n'chakuti chaka chathacho amaiwo anagwapo kawiri ndi chizungulire. Kachiwiriko anawadzutsa ndi amai Josephine Mbewe, mnzawo wa kutsidya kwa dambo, amene anasamukira ku Ndake kuchokera ku Katete ali mtsikana. Tsiku limenelo amai Daka, asanapukute n'fumbi lomwe, anawagwira mnzawoyo dzanja.

"Amake Teddy, ndapota nanu, musauze ana anga. Akangomva, andinyamula ngati thumba la chimanga kukanditula ku Petauke. Ine tauni sindiifuna. Ndifela m'nyumba muno mmene anafela mwamuna wanga."

"Nanga mukagwanso, ndidzadziwa bwanji? Maondo angawa sangaoloke dambo tsiku ndi tsiku," anatero amai Mbewe.

Apo m'pamene anapangana. Khonde la amai Daka linkaonekera bwino kuchokera pakhomo pa amai Mbewe. Nyali ikayaka madzulo, ndiye kuti munthu ali bwino. Ikazima m'mawa, ndiye kuti wadzuka. Ikapanda kuyaka, kapena ikangoyakabe dzuwa litatuluka, amai Mbewe asiye chilichonse chimene agwira, abwere. Foni inalipo, koma kumeneko netiweki inkapezeka pachulu cha kuseri kwa nyumba pokha, ndipo munthu wogwa sakwera chulu. Pangano limeneli linayenda bwino chaka chathunthu, ndipo ndi limene linkawasunga amai Daka m'nyumba mwawo.

Ndiye mwezi wa Juni, anthu ali kalikiliki kutola thonje, Webster anabwera kudzaona amai ake. Anafika chisisira, anakhumudwa pa sitepe yong'aluka ija, chala cha kuphazi n'kuchoka khungu. Mukanamumva!

"Amai, iyi ndi nyali ya munthu kapena ya mbewa? Ine ndigulitsa malaiti Petauke yonse, koma kwa amai anga kuli ngati kumanda. Anthu aziti chani za ine?"

"Imandikwanila," anatero amai ake, akumuthira madzi amchere pachalapo.

Mawu amenewo Webster sanawamve n'komwe. Atabwerera ku Petauke anatsitsa nyali zitatu pa shelefu n'kuziyala pa kauntala, mkazi wake Karen akuonerera. Yoyamba inali chinyali choyera mbee, chowala ngati cha pamalo omwetsera mafuta. Karen anaseka.

"Imeneyo pa nyumba yakale ija? Anthu aziyesa ndi depoti ya thonje. Komanso tizilombo tonse twa m'dambo tizikagona pakhonde pa amai."

Yachiwiri inali yoyaka ikaona chinthu chikuyenda. Webster anaikonda, koma Karen anamukumbutsa kuti kumudzi mbuzi ndi agalu sizigona msanga. Nyali ikamayaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima popanda munthu, sipatha sabata anthu asanayambe kunong'ona kuti nkhalamba ija ili ndi zake. Pamenepo Webster anavomera, chifukwa mbiri yotero ikagwera mai ako siichoka.

Yachitatu inali yooneka ngati nyali ya galasi yamakedzana, yowala mofiirira bwino, yosathobwa m'maso. Pamwamba pake panali kadiso kakang'ono kamene kamaona mdima. Kunja kukada kamayatsa, kukayera kamazimitsa, popanda dzanja la munthu. Kunena zoona inali nyali yabwino, yoyenerana ndi njerwa zakale zija. Ngakhale Karen anaiyamikira.

"Yakongola. Koma mwawafunsa amai ngati afuna yodziyatsa yokha?"

"Kufunsa chani? Munthu apemphe chilolezo kuti athandize make?"

"Nyumba ndi yao, atate ake Kelly."

"Iwe ziyang'ana makasitomala. Zamagetsi undisiyile ine."

Loweruka analawirira ku Ndake ndi nyali yake, mawaya atsopano ndi kathumba ka simenti kokonzera sitepe. Amai ake anasangalala ndithu. Anaitembenuza nyaliyo uku ndi uku, n'kunena kuti ikufanana ndi imene bambo ake anabwera nayo kuchokera ku migodi. Koma Webster atangoloza kadiso kaja n'kuyamba kudzitama kuti kuyambira lero sadzavutikanso ndi kuyatsa, nkhope ya amaiwo inasintha.

"Iyai. Babu sintha. Mawaya sintha, makoswe adya. Koma swichi yanga usaigwile. Nyali iyi ndiyatsa ndine, ndizimitsa ndine."

"Amai, dziko linapita patsogolo. Manje zinthu zimadzichita zokha."

"Ndati usaigwile, Webster."

Apa ndi pamene ine nkhaniyi imandipsetsa mtima. Mai wamkulu, amene wakulola kusintha babu, mawaya ndi sitepe, wakakamira pa kanthu kamodzi kokha. Munthu wanzeru akanaika sikuludiraiva pansi, n'kukhala pa mpando, n'kunena kuti, "Chifukwa chiyani, amai?" Mwina akanabisa, mwina akanaulula. Mai akaona mwana wake wakhala pansi n'kufunsa mofatsa, mtima umafewa. Koma Webster anali ndi yankho lake kale m'mutu, lakuti ukalamba ndi makani. Anangoti, "Chabwino, amai," n'kudikira kuti apite ku mapemphero a mphakati.

Amaiwo atangozimiririka panjira, Webster anamasula swichi ija, analumikiza mawaya kuseri kwake kuti moto uzingodutsa, n'kuibwezera pakhoma bwinobwino. Ukaidina inkalirabe kuti tha, koma inalibenso ntchito. Nyali yonse inali m'manja mwa kadiso.

Mulungu anamupatsanso mwayi wachiwiri tsiku lomwelo, iye n'kuuponda. Pochokera ku mphakati amai Mbewe anaperekeza mnzawo kuti adzaone nyali yatsopano. Anaiyang'ana, anaiyamikira, kenako anatembenukira kwa Webster.

"Mwagwila ntchito, a Daka. Koma swichi ikali yomwe ija? Ayatsa okha amake Webster?"

"Yomwe ija, amai. Onani, ili pamalo pake."

Asa! Mnansi wa kutsidya kwa dambo akufunsa za swichi ya m'nyumba ya eni, iwe osadabwa? Webster sanadabwe. Ankangoganiza kuti nkhalamba zonse n'zimodzi.

Dzuwa litalowa amai Daka anadina swichi yawo. Nyali sinayake. Anadinanso, n'kumuyang'ana mwana wawo.

"Musadandaule, amai. Zatsopanozi zimatenga kanthawi. Mukadina, muzingoisiya, iyaka."

Patapita kanthawi nyali inayakadi, khonde lonse n'kuwala bwino, mpaka maluwa a m'mbali mwa sitepe kuoneka. M'mawa mwake zinachitikanso chimodzimodzi: anadina, inachedwa pang'ono, n'kuzima. Amai Daka anapukusa mutu n'kunena kuti zinthu za masiku ano n'zaulesi ngati eni ake. Anamukhulupirira, poti anali mwana wawo.

Webster anabwerera ku Petauke akuimba mluzu. Atamufotokozera Karen zimene anachita, mkaziyo anasiya kupukuta mbale.

"Mwawanamiza amai anu?"

"Kunama kwake kuti? Iwo ali ndi swichi yao, ine ndili ndi mtendele. Aliyense wakondwa."

"Ine zimenezi sindinazikonde," anatero Karen. Webster anakweza wailesi.

Panangopita masiku atatu. Lachitatu mbandakucha, kuzizira kwa Juni kuli tsitsitsi, amai Daka anadzuka kuti akazimitse nyali monga mwa masiku onse. Atafika pabalaza chizungulire chinawagwira. Anayesa kugwira tebulo, dzanja linaphonya, n'kugwa chammbali pa simenti kuti khu! Ululu umene unawabaya m'chiuno unawauza okha kuti ulendo uno sadzuka. Anayesa kudzikoka, mwendo unakana. Anaitana, koma nyumba za anansi zinali patali, ndipo eni ake anali atalawirira kale ku minda ya thonje.

Komabe mtima sunawachoke. Pansi pa chitseko pankalowa kuwala kofiirira kwa nyali ya pakhonde. "Sindinazimitse," anadziuza. "Dzuwa likatuluka amake Teddy aona, abwela." Anakoka nsalu ya patebulo n'kudzifunditsa, maso ali pa kuwala kuja.

Kunja kutayamba kuyera, kuwala kofiirira kuja kunazima.

Kalanga ine! Amai Daka anayang'ana swichi pakhoma. Inali mmene anaisiyira dzulo lake, yoyatsa. Anaganiza kuti mwina batire latha. Kutsidya kwa dambo amai Mbewe anatuluka ndi mswachi mkamwa, anaona nyali yazima, anati mnzanga wadzuka, n'kutenga thumba lawo kupita kukatola thonje.

Tsiku lonse lathunthu amai Daka anagona pa simenti paja. Ludzu linawagwira, ndowa ya madzi ili pakona, akuiona koma osaifikira. Nkhuku zinkalira m'khola, zosatsekuliridwa. Akatopa ndi kuitana ankapemphera, akatopa ndi kupemphera ankaitananso. Chimene chinawalimbitsa chinali chimodzi: ngati batire latha, ndiye kuti madzulo nyali siyaka, ndipo amake Teddy akaona mdima pakhonde abwera ndithu. Anayamba kulilakalaka dzuwa kuti lilowe msanga.

Dzuwa linalowa. Mdima unayamba kugwira. Ndiye pansi pa chitseko panawala.

Pamenepo m'pamene anazindikira zonse. Nyali inali kuuza mudzi wonse kuti iwo ali bwino, iwo ali gone pansi. Analira amai aja, osati chifukwa cha chiuno ayi. "Webster mwana wanga, wandichita chani?" Kutsidya, amai Mbewe anaona khonde likuwala, anathokoza Mulungu, n'kutseka chitseko chawo.

Lachinayi m'mawa nyali inazimanso pa nthawi yake. Amai Mbewe anapita kumunda, koma munda wa tsiku limenelo unali wa m'mphepete mwa dambo, moyang'anana ndi nyumba ya mnzawo. Akutola thonje, maso ankangobwerera komweko. Kukhitchini kunalibe utsi. Pabwalo panalibe nkhuku ngakhale imodzi. Anakumbukira kuti dzulo lakenso sanaone nsalu iliyonse pa chingwe, chonsecho amake Webster sankatha tsiku osachapa kanthu. Anaponya thumba pansi n'kuoloka dambo, maondo omwe aja, akugwa n'kudzuka.

Anagogoda, zii. Anasuzumira pawindo n'kukuwa mokweza moti amuna awiri anathamanga kuchokera m'munda wapafupi. Anathyola chitseko. Anawapeza amai Daka atazizira thupi lonse, milomo itauma gwa, koma akupuma. Anawanyamulira pa ngolo mpaka kumsewu, n'kupeza galimoto yowafikitsa ku chipatala ku Nyimba.

Webster anafika masana, thukuta lili kamukamu. Atangoona amai Mbewe pa benchi ya panja pa wodi, mukuganiza kuti anayamba ndi kuthokoza? Ayi ndithu.

"Inu amai, ndinu aneba otani? Munthu kugona pansi kuyambila mailo m'mawa, inu muli pafupi pomwepo osadziwa?"

Amai Mbewe anaimirira pang'onopang'ono. Anali munthu wofatsa, koma tsiku limenelo anthu a pabenchi anasiya nkhani zawo.

"A Daka, ndinakufunsani ine pakhonde paja. Ndinati swichi ikali yomwe ija? Munati chani?"

"Swichi ikukhudzana bwanji ndi..."

"Khalani chete, lelo mumveko! Chaka chathunthu amai anu akhala akulankhula nane ndi nyali ija. Ikayaka, ali bwino. Ikazima m'mawa, adzuka. Anagwapo kawili, anaopa kukuuzani kuti mungawachotse pa nyumba yao. Mailo nyali inazima m'mawa, madzulo inayaka, lelo yazimanso. Manje ndiuzeni, anayatsa ndani, munthu ali pansi chiuno chothyoka?"

Webster anabwerera m'mbuyo. Anakhala pa benchi n'kugwira mutu. Karen, amene anabwera naye, anayandikira. Anangotenga dzanja la amai Mbewe n'kuwakhazika pansi.

Madokotala anachita zimene akanatha. Fupa la m'chiuno linali litathyoka, ndipo kuzizira kwa pa simenti kunawasiyira chibayo chimene chinatenga masabata kuti chichoke. Ananena mosabisa kuti akanafika tsiku lomwelo zinthu zikanapepukako, koma tsopano amaiwo sadzayendanso popanda wowagwirira, ndipo zokhala okha ziiwalike. Atatuluka m'chipatala galimoto sinakhotere ku Ndake. Inalunjika ku Petauke.

Anawakonzera chipinda chabwino, chokhala ndi bedi latsopano ndi windo loyang'ana ku mpanda wa njerwa. Karen ankawasambitsa ndi kuwaphikira mosanyinyirika. Amai Daka ankathokoza, ankadya pang'ono, n'kumangoyang'ana mpandawo. Nkhuku zawo anagawana achibale. Munda anabwereka ena. Kwa Webster sankakalipa, ndipo kusakalipako n'kumene kunkamudya kwambiri.

Tsiku lina masana Webster analowa m'chipindamo, anakhala pamphepete pa bedi, n'kuyamba kusisita manja.

"Amai, mukanangondiuza."

"Ndinakuuza kuti usaigwile."

"Koma simunanene chifukwa."

"Unafunsa?"

Webster anayang'ana pansi. Kenako anati, "Ndipita ku Ndake mawa. Ndikachotsa kadiso kaja, ndikabwezela swichi yanu mmene inalili. Ndi ntchito yaing'ono chabe."

Amai ake anamuyang'ana nthawi yaitali, misozi ili lengelenge.

"Ukabwezele, mwana wanga. Nanga akayatse ndani?"

Webster anatuluka n'kukaima kuseri kwa nyumba, bambo wamkulu wandevu zake, akulira ngati mwana. Nyali anasankha yabwino, mawaya analumikiza mwaluso, ndipo amai ake ankawakonda, zimenezo palibe angatsutse. Chinamusowa ndi funso limodzi lokha, limene ngakhale wosaphunzira amatha kufunsa, ndipo chifukwa cha funso limenelo amai Daka sanagonenso m'nyumba imene ankafuna kuferamo. Inu amene mumapita kumudzi ndi zida m'manja kukakonza moyo wa makolo anu, yambani mwakhala pansi. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.